Dzanja la Thonje la a Barbaroux

A Onésime Barbaroux anabadwira ku Toulon, m'nyumba ya wosula miphika yamkuwa, ndipo iwo eni ankati mawu oyamba amene anamva padziko pano sanali a mayi awo koma a nyundo. Atakula analowa usilikali, koma mfuti sanaigwire nthawi yaitali. Akuluakulu ataona mapewa awo anawapachika ching'oma pamimba, ndipo anaguba nacho zaka zisanu ndi ziwiri mpaka khutu lakumanzere linatopa n'kusiya ntchito. Atavula yunifolomu anabwera ku Paris n'kulowa gulu lathu la zoyimbira, mmene ine Fulgence ndinkayimba chivayolini chachikulu chija choimika pansi. Malo anga anali kumbuyo kwenikweni, moyandikana nawo. Tinakhala limodzi zaka pafupifupi makumi atatu, ndipo khutu langa lakumanja ndi mboni.

Zida zawo zinali ng'oma yaikulu ndi zinganga, mbale ziwiri zamkuwa zazikulu ngati zivundikiro za migolo. Masiku amenewo nyimbo inkayenda ngati munthu wanzeru zake: inkanyamuka pakhomo, n'kupita kumene ikupita, n'kubwerera pakhomo pomwepo. Womenyetsa chitseko pomaliza anali a Barbaroux.

"Anthuwa amabwera kudzaona amavayolini akugwedeza tsitsi," ankatero, "koma wowauza nthawi yowomba m'manja ndine. Popanda ine akhoza kukhala pampando mpaka Lachiwiri."

Akazi awo, a Léocadie, ankagulitsa nsomba kumsika waukulu, ndipo pa nkhani ya mawu banjali linali lolingana. Anali ndi mwana mmodzi, Zélie, amene anakwatiwa msanga ndi mnyamata wokonza mawochi. Anthu ankati mtsikanayo sanakonde mnyamatayo, anangokonda bata la m'shopu mwake.

Chakumapeto kwa 1894 tinauzidwa kuti kukubwera nyimbo yatsopano. Wopeka nyimboyo ine sindinacheze nayepo. Ife akumbuyo timadziwana ndi pepala basi. Tsiku loyamba lokonzekera kunazizira koopsa, ndipo a Barbaroux anakankha ng'oma yawo pangolo yamanja kuchokera kwawo ku Belleville, akuterereka m'njira monse. Anafika ali wefuwefu, n'kupeza pepala lawo lili pamalo pake. Analitembenuza, n'kulitembenuzanso, kenako analunjika kwa a Vauquelin, otitsogolera ndi kandodo.

"Bwana, wokopera nyimbo uja waledzeranso. Taonani pepala langa, loyera ngati nsalu ya paguwa."

"Sanaledzere, a Barbaroux. Zalembedwa choncho."

"Nanga ng'oma?"

"Mulibe ng'oma."

"Malipenga aakulu aja?"

"Tawauza apume."

A Vauquelin anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa kampango. M'kati mwake munali timbale tiwiri tamkuwa, kalikonse kosaposa chivundikiro cha wochi ya m'thumba. A Barbaroux anatiika pachikhatho chawo, ndipo pachikhathopo panatsalabe malo oti n'kuikapo dzira.

"Mabatani a jekete la ndani awa?"

"Ndi zinganga zanu. Mudzazikhudzanitsa kangapo chakumapeto. Nyimboyi ikunena za wina amene wagona pamthunzi masana a dzuwa lotentha, sakudziwa ngati zimene waona ndi maloto kapena zenizeni."

"Ohoo," anatero a Barbaroux. "Nyimbo ya mlesi."

Tinayamba. Kapena ndinene kuti anayamba Célestin Pruvost, wa chitoliro, kamunthu kowonda kamene kankamwa mkaka wofunda pomwe anzake akumwa vinyo. Anayamba yekhayekha, popanda womuperekeza, chinthu chimene tinali tisanachionepo. Mawu ake anatsetsereka pang'onopang'ono, n'kukweranso, ngati munthu amene watsika masitepe n'kuiwala chimene watsikira. Zeze anathira mawu ngati madzi okhuthuka m'beseni, timalipenga tofewa tinayankha patali, kenako gulu lonse linangoti zii.

"Wasokoneza ndani?" anafunsa a Barbaroux mokweza.

A Vauquelin anatsitsa kandodo. "Palibe wasokoneza. Chete ameneyu walembedwa. Ndi mbali ya nyimbo."

"Ngati ndi choncho, bwana, apongozi anga akumanda aja akhala akuyimba nyimbo imeneyi zaka khumi."

Vuto lalikulu linali kuwerenga. Wa ng'oma moyo wake ndi kudikira, ndipo podikira amawerenga tizigawo ta nyimbo, phazi likugunda pansi. Nyimbo zonse zimene tinkazidziwa zinali ndi popondera. Iyi ukati uponde, pansi palibe. Inkafutukuka, n'kufinyika, n'kuima kaye ngati ikuganiza. A Barbaroux ankayenera kudikira tizigawo toposa makumi asanu ndi anayi. Tsiku loyambalo anasochera asanafike pakati, n'kuyamba kundikoka malaya.

"Amwene, tili pati?"

"Inenso sindikudziwa," ndinawanong'oneza, ndipo sindinkanama.

Tsiku lachiwiri tinakumana titangodya chamasana. A Barbaroux anali atakhuta msuzi wa anyezi ndi kabotolo ka vinyo wofiira, ndipo nyimbo ya mlesi ija inawagwira bwinobwino. Chitoliro chisanabwerere kachitatu, mkonono unali utayamba kumveka kumbuyo kwanga. A Vauquelin anayang'ana kwa ife a zivayolini zazikulu, kuganiza kuti wina walakwitsa chingwe. Pruvost anachotsa chitoliro pakamwa.

"Asiyeni, bwana," anatero. "Aka n'koyamba kuti ayimbe mogwirizana ndi anzawo."

Tsiku lachitatu sanagone. Anadzitsina pantchafu mpaka anafika pamalo pawo, ndipo pokondwa kuti afika, anawombanitsa tizinganga tija ndi mphamvu zonse za ku Toulon. Mawu ake anatiboola m'makutu ngati singano. Mayi wa zeze anafuula, ndipo wavayolini wina anagwetsa uta wake.

"Chepetsani," anatero a Vauquelin.

Anayesanso.

"Chepetsaninso."

"Bwana, ndikachepetsanso ndiye kuti ndatsala kunyumba."

"Ndikufuna mawu ngati a kasupuni kokhudza kapu m'nyumba ya aneba. Munthu asadziwe ngati wamva kapena wangoganiza."

"Mukanapatsa mphaka," Pruvost analowererapo. "Mphaka ali ndi manja ofewa, komanso salipitsa."

"Iwe kamkaka iwe," a Barbaroux anadzuka, "ndikakuyetsemulira ukagwera mumtsinje wa Seine, chitoliro chako chili pakamwa!"

A Vauquelin anagogoda kandodo. Ananena mosakweza mawu kuti ngati a Barbaroux zawakanika, tizingangato apereka kwa mayi wa zeze wachiwiri, amene chakumapeto kwa nyimbo amakhala manja ali lende. Zoti ntchito ya mwamuna amene anagubitsa asilikali chikwi ilandidwe ndi mayi woluka masokosi podikira nthawi yake zinawalasa a Barbaroux pamtima. Anakulunga tizinganga m'kampango n'kutuluka, ng'oma ija kuiiwala pakhonde.

Lachinayi ndinapita kwawo ku Belleville kukadya chamasana. Ndinawapeza ali m'chipinda chochezera, malaya atapinda, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunali chisanu. A Léocadie anali kukhitchini, chitseko chotseka. Anali atagwirizana kuti mayiwo akamva kulira kwa tizinganga ali kumeneko, ndiye kuti mawu akadali aakulu.

Ngii!

"Ndamva!" anakuwa a Léocadie.

Ngii.

"Ndamvabe, bambo a Zélie!"

Zinapitirira choncho nthawi yaitali. Kenako a Barbaroux anatseka maso, anapuma, n'kukhudzanitsa timbale tija. Kukhitchini kunali zii. Anayesanso. Zii. Nkhope yawo inawala, anandigwira paphewa, n'kuthamanga kukatsegula chitseko. M'khitchinimo munalibe munthu. A Léocadie anali atapita kukagula buledi.

Atabwerako n'kumva madandaulo, anaika buledi patebulo n'kuwayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Inu vuto lanu mumagwira chilichonse ngati mwagwira wakuba. Nsomba yakupsa simuitembenuza choncho, imaphwasuka. Muziigwira ngati mukuipepesa. Nanga kusocheraku n'kwa chiyani?"

"Nyimboyo ilibe popondera, mayi. Siwerengeka."

"Ndiye osangomvera anzanuwo bwanji? Ine kumsika sindiwerenga modzi, wiri, tatu. Ndimangomva m'mawu mwa munthu kuti uyu watsala pang'ono kugula, ndiye ndimayamba kukulunga nsomba."

"Kumvera ndani? Pruvost?"

"Khutu limodzi lija likadalipo, si choncho? Kapena mwalisungira tsiku lachiweruzo?"

M'mawa mwake a Barbaroux anakhala chammbali pampando, khutu labwino ataloza kugulu, milomo yosagwedezeka. Nyimbo itayenda pang'ono, kunamveka chitoliro china chakuda cholira ngati bakha wachisoni. A Barbaroux anandigunda ndi chigongono.

"Amwene, wa bakhayu wabwera liti?"

"Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo."

"Aaa! Koma amayimba bwino, eti?"

Anapitiriza kumvetsera, kukamwa kuli yasa. Chakumapeto, chitoliro cha Pruvost chinabwerera pa mawu ake oyamba aja, tsopano motopa, ngati tulo tikumutenga. A Barbaroux sanawerenge chilichonse. Anangokweza manja n'kukhudzanitsa timbale tija m'mphepete mwake, ndipo kamawu kanatuluka n'kukhala pamwamba pa nyimbo yonse ngati kadontho ka mame padzuwa. Ine tsitsi linandiima. A Vauquelin sanaimitse gulu, anangoyang'ana kumbuyo n'kugwedeza mutu kamodzi. Titamaliza ndinaona a Barbaroux akupukuta m'maso.

"Chimfine," anatero. "Osandiyang'ana choncho."

Mulungu anamva bodza limenelo. Pofika Lamlungu masana, tsiku loyimbira anthu, chimfine chenicheni chinali chitawagwira, mphuno itafiira ngati tomato. Holo inadzaza. A Léocadie anali m'mipando yotsika mtengo yakumwamba, atavala chipewa cha nthenga. Ndisanakhale pansi ndinaona kuti kunsi kwa mpando wa a Barbaroux kwabisidwa zinganga zazikulu zija.

"Zimenezi n'zachiyani?"

"Mwina n'kufunika," anandiyankha.

Pruvost anayamba, ndipo holo yonse inakhala chete wa mtundu wina, wosakhala wa ulemu chabe. Chapakati pa nyimbo ndinamva a Barbaroux akukoka mpweya: haa, haa. Kuyetsemula kwawo ndinkakudziwa. Kunkathawitsa nkhunda padenga la tchalitchi. Anadzitsina mphuno, anadziluma chala, misozi ikutsika, nkhope itafufuma. Anapirira choncho mpaka nthawi yawo inakwana, ndipo anasiya mphuno, natola tizinganga, n'kutikhudzanitsa bwino kuposa tsiku lina lililonse. Nyimbo inazirala pang'onopang'ono. Ife a zivayolini zazikulu tinakodola chingwe ndi chala, kawiri, motsitsa, basi n'kutha.

Palibe anawomba m'manja. Anthu anangokhala duu, ena maso ali kudenga. A Barbaroux anayang'ana uku ndi uku, mantha atawagwira.

"Sakudziwa kuti yatha," ananong'ona. "Ndinanena ine!"

Anawerama kuti asolole zinganga zazikulu. Ndinaponda mchira wa jekete lawo ndi phazi langa lonse, ndipo tinalimbana mwakachetechete, iwo akukoka, ine ndikupondereza, mpaka msoko unayamba kulira. Nthawi yomweyo holo inaphulika. Anthu anaimirira, kuwomba m'manja, kugunda pansi ndi ndodo zawo. A Barbaroux anamasula kuyetsemula kumene anasunga kuja, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo palibe anakumva. Chimene chinamveka pamwamba pa phokoso lonselo chinali mawu a kumsika wa nsomba:

"Ndamva, bambo a Zélie! Ndamva, koma pang'ono pokha!"

Anthu anakana kukhala pansi mpaka titaibwereza yonse. A Barbaroux anadandaula kuti nyimbo ya mlesi ikugwiritsa anthu ntchito kawiri, koma anatola tizinganga tawo a Vauquelin asanakweze n'komwe kandodo.

Nyuzipepala zinagawanika. Ina inalemba kuti nyimboyo ilibe mafupa, ndipo a Barbaroux anadula kachidutswako n'kumayenda nako m'chipewa, kuonetsa aliyense. Koma anyamata ophunzira kupeka nyimbo anayamba kubwera pa nthawi yathu yokonzekera, kukhala kumbuyo ndi timabuku, ndipo patapita zaka zochepa nyimbo zawo zinayamba kutifika. Zinali zitasiya kubwerera pakhomo. Ina inkanena za nkhungu, ina za mvula ya m'munda, ina za nyanja m'mamawa. Mawu amene aphunzitsi athu ankati akakumana ayenera kuyanjanitsidwa msanga, tsopano ankangosiyidwa ali lendelende, ndipo anthu ankakonda. Kale funso linali lakuti nyimbo ikupita kuti. Tsopano ankafunsa kuti ikuoneka bwanji, ngati ndi nsalu. Amavayolini akutsogolo, amene anazolowera kukhala mafumu, ankapezeka akunjenjemeretsa uta motsitsa pomwe chitoliro ndi zeze zikulamulira. Ena a iwo sanakhululuke mpaka imfa.

Ngodya ya a Barbaroux inadzaza tinthu: timabelu, kachitsulo ka ngodya zitatu, timitengo tokulungidwa nsalu kumutu, ngakhale burashi yopukutira pang'oma. Mbiri inamveka mu Paris monse kuti ku gulu la a Vauquelin kuli chimunthu chotha kukhudza mkuwa osaudzutsa. Magulu ena ankabwera kudzawabwereka, ndipo anawapatsa dzina loti Dzanja la Thonje. Iwo ankapsa mtima akalimva.

"Ine ndinagubitsa asilikali, lero ndikupukuta fumbi pang'oma ngati wantchito wa m'nyumba!"

Koma tsiku lina mlendo wina wa ng'oma atawombanitsa tizinganga tawo mosasamala, anamulanda n'kumuuza kuti akasule miphika. Pruvost naye anakhala mnzawo wa Lolemba lililonse. Ankakhala patebulo limodzi pamalo omwera khofi a pafupi ndi holo, wina ndi mkaka wina ndi vinyo, kutukwanizana maola awiri, n'kusiyana atapangana za Lolemba lotsatira.

Mu 1913, a Barbaroux tsitsi litayera, kunabwera nyimbo ya mnyamata wina wochokera kunja. Atatsegula pepala lawo anapeza lakuda bii ndi zolemba: ng'oma yaikulu, zinganga zazikulu, zonse mokweza. Anapsompsona pepalalo. Chimwemwe chinatha titangoyamba kukonzekera, chifukwa kawerengedwe kankasintha kagawo kalikonse: apa zisanu, apa ziwiri, apa zisanu ndi ziwiri, ngati ngolo ya magudumu osalingana.

"Wayambitsa zonsezi ndiwe, Pruvost," anatero pa nthawi yopuma. "Unatsegula khola ndi kachitoliro kako kaja. Poyamba munatuluka tiana ta nkhosa, anthu n'kumati taonani kukongola. Lero zatuluka nkhumba."

Anaiphunzira mmene anaphunzirira ina ija, ndi khutu. Ankadziwa kuti wa bakha uja akalira katatu, ng'oma ilowe. Koma pa tsiku loyimbira anthu, nyimbo isanafike patali, ena m'holo anayamba kuimba mluzu, ena kuwaletsa, ndipo posakhalitsa maambulera anali m'mwamba. Bambo wina wa ndevu anamenyedwa ndi chipewa chake chomwe. Ife tinkangopitiriza, osamvana. A Barbaroux anapendeketsa khutu, anaika dzanja kukhutuko, koma bakha sankamveka. Ndinangoona aimirira, chibonga cha ng'oma chili m'manja.

"Cheteee! Anthu opanda mwambo inu! Tikumvetsera kuno!"

Holo yonse inati zii. Maambulera anatsika. Tsoka lake gulu lathu nalonso linaima, ndipo a Vauquelin anatsala dzanja lili m'mwamba ngati chiboliboli. Patapita kanthawi anatembenukira kwa anthu, anawerama pang'ono, n'kunena kuti popeza bata lapezeka, tiyambiranso poyamba. Tinaimaliza yonse popanda wotsokomola.

Chaka chomwecho a Barbaroux anapuma pantchito, n'kubwerera kwawo kummwera ndi a Léocadie, m'kamudzi ka minda ya mphesa kufupi ndi Toulon. Anthu akumeneko atamva kuti kwabwera katswiri wa ku Paris anawapatsa bandi ya m'mudzimo kuti aziiphunzitsa: ophika buledi, ometa tsitsi, wosula zitsulo, onse okonda kufufuma masaya. Anawaphunzitsa miyezi isanu ndi itatu. Pa chikondwerero cha dziko cha pa 14 Julaye bandiyo inadutsa mumsewu waukulu ikuyimba motsitsa kwambiri moti anthu m'nyumba sanadziwe kuti yadutsa, ndipo meya anadikira pansanja ola lathunthu, lamba wake wa mitundu itatu ali pamimba. Sabata yomweyo anthu a m'mudzimo anawathokoza mwaulemu n'kubwezera bandi kwa wometa tsitsi amene ankaitsogolera kale. A Barbaroux anayamba kuweta njuchi.

Anamwalira mu 1922. Ine miyendo inali itayamba kale kukana, sindinapite, koma a Léocadie anandilembera kalata ya masamba anayi. Anati amuna awo anapita mwamtendere, atakhala pampando panja. Anati bandi ya m'mudzi inabwera yonse kudzaperekeza maliro, ndipo popeza panalibenso wowaletsa, anayimba ndi mtima wawo wonse. Lipenga loyamba litangolira, hatchi yokoka ngolo ya maliro inadzidzimuka n'kuthawa ndi bokosi, wansembe ndi anthu onse akuthamangira pambuyo. Anakaipeza m'munda wa meya ikudya mphesa, bokosi lili bwinobwino, ndipo anawaika m'manda mochedwa ndi ola limodzi.